Amayi pa Tsamba Lachisanu

Lolemba

Yatheka! Webusayiti ya atate yaimirira, ndipo ndaimanga ndekha ndi manja awa.

Loweruka likubwerali tikuvundukula chiliza chawo ku Chinyunyu, patha chaka chimwalirireni. Abale ali balalabalala, ena ku Chipata, ena ku Kitwe, wina ku Joni, ndipo si onse adzafike. Ndiye ndinati aliyense alembe zimene akukumbukira za atate, ine ndiziike pa intaneti, wakutali awerengere komweko.

Mlongo wanga wamkulu, Ba Misozi, anati tingosindikiza pa pepala. Pepala! Ine mphunzitsi wa makompyuta pa sekondale pano pa Rufunsa, munthu amene ndinakakhala milungu isanu ndi umodzi ku Lusaka kuphunzira zimenezi, ndikagwire pepala? Ndinawaseka. Iwo anangoti, "Ndadziwa kale anamanga nyumba yopanda khomo." Nsanje chabe.

Mmene zikuyendera, ndilembe kuti ndikadzatchuka ndisadzaiwale:

- Foda imodzi, dzina lake "atate".
- M'fodamo mafayilo 20, munthu aliyense fayilo yake. Onse ndi a makidauni, kutanthauza mawu wamba: ukaika # kutsogolo kwa mzere, mzerewo umasanduka mutu waukulu, ukaika nyenyezi uku ndi uku mawu amanenepa.
- Kapulogalamu kanga kamatsegula foda, kuwerenga mafayilo, n'kuwagawa asanuasanu pa tsamba, chifukwa netiweki ya kwathu ikaona katundu wambiri imakhala pansi.
- 20 kugawa ndi 5, masamba anayi. Pansi pa tsamba pali batani lakuti "Zotsatira".
- Wina akasochera n'kupempha tsamba limene kulibe, pamatuluka mawu akuti, "Pepani, kuno kulibe kanthu." Ndawalemba ndekha m'chilankhulo chathu, ndawawerenga kanayi, akukoma.

Fayilo yosungidwa posachedwa imakhala pamwamba, yakale imatsikira pansi. Izi zandithandiza pa nkhani ya amayi.

Amayi chimwalirireni atate sanawatchulepo. Ukayamba nkhani yawo amadzuka n'kupita kukaona nkhunda. Koma milungu itatu yapitayo ndili kumudzi anandiitanira pakhonde, amvekere, "Bweretsa chimakina chakocho." Anakana kuti ndijambule mawu awo pa foni. Anakamba pang'onopang'ono ine ndikulemba, timizere towerengeka. Atatha anati, "Undiike kumapeto, onse atatha. Ndipo Loweruka lija udzawerenge ndiwe pamanda, ine pakamwa sipadzatseguka." Ndinalonjeza.

Kunena zoona sindinamvetsere bwinobwino. Batire ya laputopu inali itafiira, maso anga anali pakona paja. Zala zinamva, makutu ayi. Koma fayilo ilipo, ndipo poti ndiyo inayamba kusungidwa, ili kumapeto kwenikweni kwa tsamba lachinayi monga anafunira. Ndayang'ana, dzina lawo likuoneka. Ndidzawerenga bwino Lachisanu kuti ndikonzekere.

Ndatumiza linki ku gulu la banja la pa foni. Tizithunzi ta manja oomba tagwa ngati matalala. Wina walemba "injiniya wathu". Sindinakane.

Lachiwiri

Sikisi koloko m'mawa, ndisanasukusule n'komwe, foni. Azakhali Ba Esnart a ku Chipata, mlongo wa atate, amene anawabereka kumsana ali khanda ndipo salola kuti dziko liiwale.

"Iwe, ndamva ndili pa tsamba lachitatu. Ine ndine wachitatu kwa ndani?"

Ndikufotokoza kuti kompyuta imatsata tsiku limene fayilo yasungidwa, za ukulu siidziwa. Akuti, "Ndiye iphunzitse, si ndiwe mphunzitsi?"

Nanga pamwamba penipeni pa tsamba loyamba pali ndani? Alamu athu a ku Joni, amene anaonana ndi atate kawiri, ulendo wachiwiriwo atate ali m'bokosi. Anachedwa kulemba kuposa onse, ndipo kompyuta yawapatsa mpando wakutsogolo. Mayo ine!

Nzeru yabwera pa buleki. Ndatsegula fayilo ya azakhali, ndawonjezera kadontho kamodzi, ndasunga. Pompo alumpha, ali pamwamba pa onse. Ndadziombera m'manja ndekha mu stafu, aphunzitsi anzanga akungondiyang'ana.

Masana, foni. Amalume Ba Moffat a ku Chinyunyu, mlongo wa amayi. M'mawa anali achisanu pa tsamba loyamba, ndipo anali ataonetsa kale msika wonse wa pamsewu, kuyambira ogulitsa tomato mpaka madalaivala a malole. Azakhali atakwera, iwo agwera pa tsamba lachiwiri.

"Mphwanga, wandichotsa pamaso pa anthu. Manje akuti ndimanama."

Kadontho m'fayilo ya amalume, kusunga. Akwera, koma akwera pamutu pa azakhali. Azakhali aimba. Kadontho. Amalume aimba. Kadontho. Pofika nthawi yoweruka mafayilo awiriwa ali mawangamawanga ngati nkhanga.

Zimene ndaphunzira lero:

1. Palibe amene wawerenga nkhani ya mnzake.
2. Ndikukayika ngati pali amene wawerenga yake yomwe.
3. Aliyense akudziwa bwino amene ali pamwamba pake.

Atate eniake, munthu amene anakonza njinga pansi pa mkuyu m'mbali mwa msewu waukulu mpaka msana kupindika, sanatchulidwe m'gulu tsiku lonse. Zandiwawa zimenezi. Zandiwawanso kuti inenso ndawakumbukira pokhapokha ndikulemba muno.

Amayi: tsamba lachinayi, kumapeto. Sanaimbe.

Lachitatu

Basi, za madontho zatha. Ndiika manambala kutsogolo kwa maina a mafayilo, 1 mpaka 20, kapulogalamu kazitsata manambala. Amayi 20. Ntchito ya mphindi khumi.

Ntchito ya mphindi khumi yadya mapiriyodi awiri a Giredi 9. Ndawasiyira zokopera pa bolodi, Mulungu andikhululukire.

Vuto n'lakuti nambala 1 ndani. Ndalemba mbali zonse ziwiri kuti ndiweruze mwachilungamo.

Azakhali akuti:

- magazi awo ndi a malemu ndi amodzi
- ndi aakulu pa onse otsala
- kwawo mwana ndi wa kuchimuna
- anawabereka kumsana, ndipo aka n'kachitatu ndikumva sabata ino

Amalume akuti:

- malemu anafika kuno ndi chikwama chimodzi ndi pampu ya njinga, malo anawapatsa ndi iwo
- agona m'dothi lathu
- kwa Asoli, mtundu wa amayi, mwana ndi wa kuchikazi, motero ine ndine wawo, laputopu nayonso ndi yawo
- "Ba Esnart ndi alendo. Alendo timawalemekeza ndi nkhuku, osati ndi nambala wani."

Ndatseka maso, ndaika azakhali 1, amalume 2, ndatumiza, ndalowa m'kalasi.

Ndikutuluka, foni yatentha ndi oimba amene sindinawayankhe. Kompyuta yasanja motere: 1, 10, 11, 12, mpaka 19, kenako 2, kenako 20, kenako 3. Kwa iyo 10 amabwera 2 asanafike, chifukwa imayamba yayang'ana chizindikiro choyamba chokha, monga timasanjira maina mu rejisitala. Izi anatiuza ku Lusaka. Ndikukumbuka tsikulo, ndinakhala kumbuyo ndikuyankha mauthenga.

Ndiye amalume, amene ndinawalonjeza malo achiwiri, ali pa tsamba lachitatu. Ndipo amayi ali pomwepo pansi pawo, pakati pa chigulu, malo amene anakana. Yaba!

Mtima wanga wathamanga chifukwa cha amayi kuposa cha amalume. Ndilembe zimenezi, mwina tsiku lina ndidzafuna umboni.

Mankhwala ake ndi ziro: 01, 02, 03. Ndasintha onse mmodzimmodzi, thukuta kamukamu, magetsi athima kawiri. Tsopano zafola bwino. Koma amalume sakuyankha foni yanga. Atumiza uthenga kwa Ba Misozi: "Umuuze mwana uja kuti mbuzi ndinalonjeza ya Loweruka ija yadwala."

Mbuzi imeneyo ndinaiona milungu itatu yapitayo itakwera pamwamba pa nkhokwe.

Amayi: abwerera pa 20, tsamba lachinayi, kumapeto. Ndayang'ana kawiri.

Lachinayi

Nzeru ya m'bafa: chotsa masamba onse! Anthu onse 20 pa tsamba limodzi, palibe wa tsamba loyamba, palibe wa lachitatu, mlandu watha. Bwanji sindinaganize Lolemba? Ndasintha 5 kukhala 20, ndatumiza.

Pa laputopu kusukulu zikutseguka bwinobwino. Kumudzi kagudumu kodikirira pa foni kakungozungulira.

Ndinaiwala zithunzi. Aliyense anatumiza chake, ndipo alamu a ku Joni anatumiza zisanu ndi zitatu, zisanu ndi ziwiri ali okha pafupi ndi galimoto. Msuweni wanga wa ku Shikabeta akuti anakwera pachulu kusaka netiweki, waima pamenepo dzuwa likuswa mtengo mpaka bandulo yatha, ndipo zimene waona ndi mphumi ya atate yokha. Gulu lonse likundilalatira. Amene analemba "injiniya wathu" uja wafufuta uthenga wake, ndaona.

Ndabwezera 5. Masamba anayi abwerera.

Masana uthenga wa amalume kudzera mwa Ba Misozi: avomera kukhala 02, bola dzina lawo likhale la zilembo zazikulu kuposa la azakhali. Izi m'makidauni n'zosavuta, # imodzi mutu waukulu, ## mutu wocheperako. Amalume imodzi, azakhali ziwiri. Ndikuti sadzazindikira, si omwewa amati maso awo saona nambala za nyimbo m'tchalitchi?

Azindikira ali ku Chipata, pasanathe ola.

"Wandichepetsa, iwe. Ndikuona ndi maso anga, ndachepa."

Onse # imodzi. Amalume atsekanso foni. Mapanga awiri avumbwitsa, ndipo ine ndanyowa mpaka m'masokosi.

Chakumadzulo kafoni ka amayi, kaja ka mabatani kosatsegula intaneti.

"Wadya?"

Ndadya.

"Mawu anga aja alipo?"

Alipo amayi, kumapeto, monga munanenera.

"Chabwino. Ndachapa chitenje cha Loweruka."

Adula. Kufunsa kwawo sabata yonse n'komweko. Ena aimba kosawerengeka, iwo kamodzi, ndipo ayamba ndi kufunsa ngati ndadya.

Ba Misozi alemba: "Sindikiza ya amayi yokha, pepala limodzi, uike m'thumba la jekete." Ndayankha kuti mawa. Pulinta ili mu ofesi ya ahedi, ndipo ahedi akundifuna pa nkhani ya Giredi 9 ija, ndiye masiku ano ndikumadzera kuseri kwa labu.

Lachisanu

Mbuzi yachira! Aleluya!

Koma yachira ndi mfundo. Amalume akuti, "Ngati ndili wachiwiri, ndikambe kawiri." Atumiza mawu ojambula aatali ngati ulaliki, akufuna ndiwalembe akhale nkhani yawo yachiwiri. Ndatukwana chamumtima, ndavala zomvera m'makutu, ndayamba kulemba pa buleki.

Ndipo ndi yabwino. Ndi nkhani yokhayo sabata ino imene ikukamba za atate. Akuti tsiku limene atate anabwera kudzafunsira amayi, anapeza njinga ya amalume ili chagada pabwalo, tcheni chitaduka. Anagwada, anakonza, anapopa matayala, anatsanzika n'kubwerera osanena chimene anabwerera. Anabweranso Lamlungu lotsatira, anakonza mabuleki. Ulendo wachitatu amalume anabisa njinga m'nyumba, n'kuwauza kuti, "Ba Zulu, njinga zatha, kambani." Ndaseka mu stafu mpaka misozi, kenako misozi yapitirira yokha kuseka kutatha. Ndanamizira fumbi la choko.

Fayilo ndaitcha 02b kuti ikhale pansi pa inzake. Ndaiponya m'foda, ndatumiza. Magetsi akuyembekezeka kuthima wani koloko, minibasi ya ku Chinyunyu ikudzaza kale pamsika, kondakitala wandiimbira kawiri. Ndatsegula tsamba loyamba: azakhali, amalume, amalume. Kukongola! Ndatseka laputopu.

Za m'chikwama:

- suti ndi nsapato zakuda
- makabichi anayi
- shuga, mchere, makapu a pulasitiki
- maluwa a pulasitiki amene Ba Misozi analamula

Laputopu yakana kulowa. Ndaisiya pabedi. Foni ikukwana, zonse zili pa intaneti, ndiye ubwino wake umenewo.

Pulinta: ndinafika pakhomo la ofesi, ndinamva ahedi akutsokomola mkatimo, ndinabwerera.

Madzulo, kumudzi. Azakhali afika kale ndi basi ya ku Chipata. Ndawapeza atakhala pamphasa imodzi ndi amalume, akuswa mtedza, akuseka mpaka kugwirana m'manja. Anthu awa andidyera sabata yathunthu! Andiona, onse pamodzi: "Wawonda iwe, ntchito yachuluka?"

Amayi ali pakhonde, akusita chitenje ndi simbi ya makala. Andiyang'ana. Ndagunda thumba lomwe muli foni, iwo agwedeza mutu n'kupitiriza kusita.

Zotsala, ndichita mawa m'mawa ndikadzuka: kutsegula tsamba lomaliza, kuwerenga mawu a amayi kawiri katatu kuti lilime lizolowere. Lero ndatopa, ndipo andituma kukatenga mabenchi ku tchalitchi.

Loweruka

Sindikufuna kulemba. Ndilemba.

M'mawa: mabenchi, madzi, nkhuni, kugwira miyendo ya mbuzi, kukalandira abusa pamsewu, kufunafuna tayi. Foni sinatuluke m'thumba.

Kumanda. Chiliza chakutidwa ndi nsalu yoyera, miyala inayi m'makona kuti mphepo isaichotse. Anthu ambiri kuposa mmene timayembekezera, ena abwera pa njinga zimene atate anazikonzapo, azitsamiritsa pa mitengo. Nyimbo, pemphero. Azakhali akamba, za kumsana zatchulidwa. Amalume akamba, nkhani ya tcheni ija, anthu aseka. Amayi akhala pamphasa kutsogolo, chitenje chosita, manja pamiyendo.

Abusa: "Tsopano mawu a mayi a pakhomo, awerenga ndi mwana wawo."

Ndaimirira. Ndatulutsa foni monyadira ndithu, ndisaname. Netiweki ilipo, lero lokha yakhulupirika, sindingainamizire. Tsamba loyamba. Zotsatira. Lachiwiri. Zotsatira. Lachitatu. Zotsatira. Lachinayi. Chala chikutsetsereka pansi, pansi.

Womaliza ndi msuweni wa ku Shikabeta, nambala 19.

Pansi pake palibe. Dzina la amayi palibe, batani palibe, pali poyera.

Ndakwera, ndatsika, ndakweranso. Ndabwerera pa lachitatu, mwina asochera. Kulibe. Thukuta likutsika m'kati mwa suti. Ndapita pamwamba pa adiresi, ndafufuta 4, ndalemba 5. Kagudumu kazungulira, kazungulira.

"Pepani, kuno kulibe kanthu."

Mawu anga omwe, amene ndinawawerenga kanayi Lolemba.

Lole ikumveka ikusintha giya pa chitunda cha pamsewu. Abusa akonza kukhosi. Ba Misozi andiyang'ana, ayang'ana thumba la jekete, aweramitsa mutu.

Ndafufuza m'mutu zimene amayi anakamba pakhonde paja. Ndapeza mawu awiri okha: beseni, ndi nkhunda. Nanga munthu ungaimirire pamanda, pamaso pa abusa ndi alendo a ku Chipata, n'kunena kuti beseni? Ndikanatha kunena zoona, kuti mawu asowa, ndalakwitsa ndine, dikirani amayi andinong'oneze. Sindinatero. Manyazi anga ndinawaika patsogolo, monga ndachitira sabata yonse.

Ndayang'ana pa foni ngati ndikuwerenga, ndipo ndati: amayi akuti mwamuna wawo anali munthu wabwino, wokonda banja lake, woopa Mulungu, wamtendere ndi anansi, mzimu wake uuse mumtendere, tidzaonana m'mawa wa chiukitso.

"Ameni!" Azakhali alira mokweza. Amayi sanalire. Andiyang'ana nthawi yonse imene ndimalankhula, osakwiya, kungoyang'ana monga amayang'anira mitambo akayanika ufa.

Kenako awaimiritsa, agwira nsonga ya nsalu, azakhali nsonga inayo. Nsalu yachoka. Dzina la atate laonekera, nthungululu, maluwa a pulasitiki, nyimbo yotsekera. Zatha.

Pa chakudya anthu akundigwira chanza. "Amayi ako akamba bwino." "Mawu ogwira mtima." Amalume andipatsa chiwindi cha mbuzi ndi dzanja lawo, ulemu waukulu. Ba Misozi sananene mwambi uliwonse, ndipo ndikanakonda akananena.

Amayi adutsa pafupi nane atanyamula mbale zotsuka. Sanaime. Anena chapansipansi, wamva ndine ndekha.

"Si amenewo."

Lamlungu

Minibasi yoyamba, tchalitchi sindinapite. Laputopu ili pabedi pomwe ndinaisiya.

Sizinatenge nthawi kupeza. Mzere umodzi umene ndinalemba Lolemba: chiwerengero cha masamba ndi mafayilo kugawa ndi 5. Mafayilo ali 20, yankho 4, mwaukhondo. Nkhani yachiwiri ya amalume italowa akhala 21. Ndipo 21 kugawa ndi 5 ndi 4, kutsala 1. Kapulogalamu kanga kamatenga 4, chotsalacho n'kutaya. Sindinakauze chochita ndi wotsala, chifukwa Lolemba panalibe wotsala ndipo ine ndinali kalikiliki kudziombera m'manja.

Wotsalayo ndi amene anapempha kukhala kumapeto.

Samu imeneyi ndi ya ku pulayimale. Mwana wa Giredi 9 akaiwala chotsala ndimamulemba mzere wofiira.

Kukonza kwake: mawu amodzi, kuuza kapulogalamu kuti pakakhala chotsala kaziwonjezera tsamba. Madzi a tiyi anali asanawire n'komwe. Tsamba lachinayi lamera batani. Ndadina. Tsamba lachisanu, amayi okhaokha, pamwamba dzina lawo, pansi poyera. Ndawerenga koyamba ndi makutu omwe:

"Atate a Misozi. Denga lija munati mudzakhoma mvula ikatha likudonthabe. Beseni ndimaika pomwe munkaika paja. Njinga yanu sindinagulitse, ofuna abwera atatu. Nkhunda zanu zachuluka, zikundivutitsa, koma sindiphako. Ndimaphikabe za anthu awiri, dzanja silimva. Ana ali bwino, wamng'onoyu ndi amene akukuwerengerani, mumvereni, amalankhula mofulumira ngati inu. Gonani, ine ndilipo."

Ndakhala pansi pa simenti nthawi yaitali. Tiyi wazizira.

Ndatumiza ku gulu kuti tsamba lachisanu latuluka, muli mawu enieni a amayi, dzulo ndinanama pamanda. Tizala tiwiri toloza m'mwamba. Alamu a ku Joni afunsa ngati angawonjezere zithunzi. Azakhali ali m'basi yobwerera, alemba: "Nanga iwowo bwanji ali ndi tsamba lawolawo?"

Ndaimbira amayi.

Ndawauza zonse, za 21, za chotsala, za pulinta, za ahedi. Za samuyo sanafunse. Ndawawerengera pang'onopang'ono, mzere ndi mzere. Amvetsera mpaka kumapeto. Kumbuyo kwawo nkhunda zikumveka.

"Eya, ndi amenewo."

Pepani amayi.

"Koma sindimauza iwe."

Ndati ndibwere Loweruka, tipite kumanda awiriwiri, ndikawerenge bwinobwino ndi pepala m'manja.

"Nsalu ija amachotsa kamodzi, mwanawe. Ukabwera ubwere ndi misomali, mitambo yayamba." Kenako, "Wadya?"

Ndanama kuti ndadya.

Za mawa:

- kulowa mu ofesi ya ahedi pakhomo lakutsogolo
- kusindikiza pepala limodzi, ngakhale lachedwa
- kuwapepesa a Giredi 9
- kuwauza Ba Misozi kuti ananena zoona, ngakhale izi zikhoza kudikira Lachiwiri

Webusayiti tsopano ikugwira ntchito bwino kwambiri, aponyemo mafayilo angati, palibe adzatsale. Tsamba lachisanu ndalitsegula kasanu ndi kawiri lero, ndipo ndikukhulupirira kuti owerenga ndine ndekha.

Kukhoma denga sindidziwa. Ndifunsa kaye amalume kuti misomali yake ndi yotani.